Mwana wanga amangoti zii pagulu

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 amalongolola kwambiri kunyumba, koma kukabwera alendo amabisala kuseri kwa chitenje changa osayankha ngakhale moni, ndipo kusukulu ya mkombaphala satsegula pakamwa. Kodi ali ndi vuto la kulankhula?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, popeza kunyumba amalankhula bwino, chilankhulo akuchidziwa ndithu, chomwe chikumumanga pakamwa ndi mantha. Chonde musamukakamize kupereka moni, ndipo musamutche wamanyazi iye akumva, chifukwa mwana amakhulupirira dzina limene makolo amupatsa. Muitanireni mnzake mmodzi kuti azisewera naye masanje pakhonde inu muli pafupi, ndipo munthu akamufunsa kanthu, dikirani pang'ono musanamuyankhire. Koma akatha mwezi wathunthu osalankhula kusukulu atazolowera kale malowo, pitani naye kuchipatala akamuone, ndipo akamuyezenso makutu.