Mwafunsa: Nkhanza m'mabanja a amayi achiyuda amene anapulumuka kwa Anazi

Funso: Akonzi, ndinamva kuti amayi ena achiyuda amene anapulumuka pamene Anazi ankapulula mtundu wawo anadzazunzidwanso ndi amuna awo omwe. Zinatheka bwanji, poti onse anaona mavuto amodzimodzi? Nanga ankalekeranji kuchoka?

Yankho: Zinachitikadi, ngakhale kuti mabanja ambiri anakhala bwino mpaka ukalamba. Tiyambe ndi mmene maukwatiwo anamangidwira. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha mu 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni ataphedwa ndi Anazi, chipani cha Hitler chimene chinkalamulira Germany. Opulumuka pafupifupi 250,000 anakhala m'misasa ya anthu osowa kwawo ku Germany, Austria ndi Italy, monga Bergen-Belsen, Landsberg ndi Föhrenwald, womwe unatsekedwa mu 1957. Mtsikana wotsala yekha pamtundu pake ankalola mwamuna amene wangomudziwa masabata ochepa, mwina chifukwa ankachokera tauni imodzi kapena ankadziwana ndi malemu mlongo wake. Maukwati ankachuluka moti diresi limodzi losokedwa ndi nsalu ya parachuti linavalidwa ndi akwati angapo. Amuna ambiri anali ataferedwa mkazi woyamba ndi ana. Amayi ambiri anali atasiya kusamba chifukwa cha njala ya m'misasa ya Anazi, ndipo ankafunitsitsa kuona ngati angabereke, choncho ana ankabwera chibwenzi chisanakhwime n'komwe.

Onse awiri ankalowa m'banja ali ndi mabala mumtima: maloto oopsa, kusowa tulo, kudzidzimuka wina akagogoda pakhomo, kupsa mtima msanga. Dokotala William Niederland anafotokoza zizindikirozi m'zaka za m'ma 1960, koma madokotala a ku America anavomereza matenda a PTSD (kuvutika maganizo kobwera munthu akakumana ndi zoopsa) mu 1980, mabanjawo atakhala zaka zoposa 30 chithandizo chili chosowa. Tinene mosabisa: zimenezi zikutithandiza kumvetsa gwero la ukali, koma sizichotsa mlandu kwa womenya. Mkaziyo anadutsa m'moto womwewo.

Kuchoka kunali kovuta zedi. Akanapita kwa yani? Makolo, alongo ndi azakhali onse anali ataphedwa. Ku New York kapena ku Tel Aviv anafika wosadziwa chilankhulo, wopanda ndalama zakezake, mwana ali m'manja. Komanso pa malamulo a chipembedzo chachiyuda, ukwati umatha mwamuna akapereka yekha kalata yachisudzulo yotchedwa get. Akakana, mkazi sangakwatiwenso mwachipembedzo, ndipo mwamuna wankhanza amatha kumugwirira pomwepo. Chiphunzitso chabwino chosunga mtendere wa m'nyumba nacho chinkapotozedwa, n'kukhala chotsekera amayi pakamwa.

China n'chomvetsa chisoni kwambiri. Mayi amene anaona Auschwitz, msasa wa Anazi wopherako anthu, ankatha kudziuza kuti kumenyedwa mbama si nkhani yodandaula nayo, ndipo anansi sankafuna kumva zoipa za munthu amene anapulumuka lokumbakumba. Bungwe la AMCHA, lopereka uphungu kwa opulumuka ndi ana awo ku Israel, linayamba mu 1987, ambiri mwa amayiwa ali kale ndi zidzukulu.