Kamleme kogona m'chipinda chapansi ku Sweden: musakadzutse

Mayi wina wokhala kumpoto kwa Sweden watitumizira imelo. Akuti wapeza kamleme katakangamira pakhoma la chipinda chapansi pa nyumba yake, kali zii ngati kakufa. Akufuna kudziwa kuti ndi mleme wanji wopirira chisanu chotere, komanso ngati n'koyenera kukalowetsa m'nyumba kuti kamve kutentha.

Mayi, musakalowetse. Kamlemeko kali mtulo ta nyengo yachisanu. Thupi lake limazizira mpaka kufanana ndi mpweya wa pamalopo, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo kamadalira mafuta amene kanasunga m'thupi chisanu chisanayambe. Kamafuna malo achinyontho ozizira pafupifupi madigiri 0 mpaka 5, monga m'migodi yakale, m'ming'alu ya matanthwe ndi m'zipinda ngati chanucho. Mukakadzutsa kamawotcha mafuta oti kakanapita nawo masiku ambiri, chikhalirecho tizilombo touluka sitioneka kumeneko mpaka cha m'Meyi. Choncho tsekani chitseko, musakawalitsire tochi, musayatse chotenthetsera m'chipindamo, ndipo mphaka asalowe. Ngati kagwa pansi, valani magolovesi okhuthala musanakagwire, chifukwa mileme ina ya ku Ulaya imakhala ndi kachilombo kofanana ndi ka chiwewe. Lamulo la ku Sweden limaletsa kupha mileme kapena kuwononga pogona pake.

Kayang'aneni muli chapatali. Ngati makutu ndi aafupi, nkhope yakuda, ubweya wa kumsana wodera koma kunsonga kwake wagolide, ameneyo ndi mleme umene asayansi amautcha Eptesicus nilssonii; dzina loti nilssonii linaperekedwa mu 1839 polemekeza katswiri wa zanyama wa ku Sweden, Sven Nilsson. Amalemera magalamu 8 mpaka 13, mapiko akatambasuka amafika masentimita 24 mpaka 28. Amapezeka kuyambira kum'mawa kwa France, kudutsa Scandinavia ndi Siberia mpaka ku Hokkaido ku Japan, ndipo palibe mleme wina padziko umene umaswana kumpoto kwambiri ngati uwu: ku Troms, m'dziko la Norway, umabereka kuseri kwa Arctic Circle, mzere wa pamapu wozungulira dera lakumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi.

Kwa ife chodabwitsa kwambiri si chisanu ayi, koma kuwala. Kumeneko dzuwa sililowa kwa miyezi pafupifupi iwiri, nthawi yomweyo imene mileme yaikazi ikuyamwitsa. Imatuluka kanthawi kochepa pakati pausiku, n'kumasaka m'mithunzi ya mapiri ndi mitengo poopa akabawi. Chakudya chake ndi udzudzu, agulugufe ausiku ndi touluka tofanana ndi nkhungu za kunyanja kwathu. Yaikazi imasonkhana makumi angapo m'denga, pafupi ndi chumuni pofunda, n'kubereka mwana mmodzi kapena awiri mu Juni kapena Julaye. N'chifukwa chake kukonza denga miyezi imeneyi n'kulakwa: mukatseka pobowoka, ana osatha kuuluka amafera m'kati. Dikirani mpaka Seputembala.

Ngakhale ndi mleme wofala ku Sweden, chiwerengero chake chatsika, moti mu 2020 unalembedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kukhala pangozi. Mungachite bwino kudziwitsa ofesi yoona zachilengedwe m'chigawo chanu za malo amene kagonawo.