Funsani a Makanika: Bwanji woyendetsa ndege akuopa nthambo zimene ife tikuziona bwinobwino?

FUNSO: Akulu, ndine kapitawo pa famu ina ya tirigu ku Chisamba, banja lili ku Mandevu. Mwezi watha abwana anaitanitsa kandege kopopera mankhwala. Woyendetsa wake atafika anakana kunyamuka mpaka ndimuzungulitse minda yonse pa galimoto, ndimulozere nthambo iliyonse ya malaiti, ndi kaja komwe kopita ku pampu ya kudambo. M'mawa wonse unathera pamenepo, mphepo n'kuyamba, ntchito n'kugonera mawa lake. Ine ndinangoona ngati matama. Munthu ali m'mwamba saona zonse kodi? Ndipo ngakhale atazigunda, si mbalame zimatera pa nthambo tsiku ndi tsiku osafa?
Kapitawo, Chisamba

YANKHO: A Kapitawo, munthu ameneyo abwana anu asamutaye. Ndakhala ndikukonza ndege zing'onozing'ono kuno ku Lusaka mpaka imvi zamera, ndipo amene amandisowetsa tulo ndi uja amangotsika, kumwa tiyi, n'kunena kuti "ndikaziona ndili m'mwamba."

Inu mumaiona bwino nthambo chifukwa mwaima pansi, ndipo kuseri kwake kuli thambo lowala. Iye amaiyang'ana chotsika. Kuseri kwake kuli tirigu wobiriwira, dothi lofiira, mithunzi ya mitengo. Nthambo ya 11 kV (magetsi a mavolti 11,000) yopita ku pampu kunenepa kwake sikuposa chala, ndipo ikagwedwa ndi mvula zaka zingapo imasiya kunyezimira, imachita mbuu, n'kusungunukira m'mtundu wa munda. Wonjezeranipo galasi lakutsogolo lodzaza tizilombo tophwanyika ndi madontho a mankhwala. Wonjezeraninso dzuwa: kupopera kumachitika m'mamawa mphepo isanadzuke, nthawi yomwe dzuwa lili pansi ndipo limalasa m'maso. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ndiye musanene, utsi wa lupsa ndi fumbi zimaphimba dziko lonse.

Tsono tiwerengere limodzi. Ndege yopopera imathamanga makilomita pafupifupi 200 pa ola, kapena kuposerapo, itatsika mpaka mamita atatu kapena anayi pamwamba pa mbewu. Ndiye kuti pa sekondi imodzi yadya mamita 55. Akaiona nthambo ili pa mamita 150, ndipo kuiona patali choncho ndi mwayi, watsala ndi masekondi osakwana atatu kuti diso liuze mutu, mutu uuze dzanja, ndipo ndege yolemedwa ndi madzi a mankhwala ivomere kukwera. Ndege yodzaza simvera msanga.

N'chifukwa chake oyendetsa amaphunzitsidwa kusaka mapolo m'malo mosaka nthambo, ndi kuwerenga zizindikiro zina: nyumba ili payokha, thiransifoma, pampu, mzere wolambulidwa m'tchire, msewu. Paliponse pamene pali zimenezi amangoti nthambo ilipo, kaya akuiona kaya sakuiona. Koma pa famu pholo limabisala. Lina lili kuseri kwa mango, lina pakati pa bulugama, ndipo nthambo yadutsa dambo lonse popanda pholo pakati. Palinso nthambo zija zopendeka zokoka pholo la pangodya, zomwe zimakhomedwa pansi patali ndi pholo lenilenilo. Kanthambi kamene munakokera ku pampu chaka chatha sikali pa mapu a ndege. Amene akukadziwa ndi inu, ndi mlonda, ndi mnyamata wothirira. Pamene ankakuzungulitsani paja ankatapa zimene zili m'mutu mwanu, chifukwa kwina sangazipeze.

Mbali imene anthu sakhulupirira ndikawauza ndi iyi. Bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Australia, la ATSB, litaunika ngozi zoterezi pa ntchito za m'minda linapeza kuti oyendetsa oposa theka anagunda nthambo yomwe ankaidziwa kale kuti ilipo. Anaiona, anailumpha kangapo m'mawa womwewo, kenaka n'kuigunda. Inunso chingwe choyanikira zovala pakhomo panu munamanga nokha, koma tsiku lina mukuthamangira foni chimakukolani pakhosi. Mutu wa munthu susunga chinthu chosaoneka nthawi yaitali pamene maso ali pa zina. Woyendetsa akuyang'ana mzere wa GPS, akuyang'ana ngati mankhwala atsala, wina akumuyankhula pa wailesi, watopa, njala yamugwira. Nthawi yoipitsitsa ndi ya kumapeto, pamene wamaliza mizere yonse ndipo akutembenuka kuti apopere m'mphepete mwa munda. Apa akuyenda chopingasa, mbali imene sanazolowere m'mawa wonse, mtima uli kale kunyumba, ndipo m'mphepete mwa munda ndi momwe nthambo zimakonda kudutsa. Choncho musadabwe mukamuona akukwera m'mwamba n'kuzungulira mundawo kachiwiri asanamalizitse. Mafuta akutha, inde, koma akudzikumbutsa.

Zimphona zija za 330 kV, zochokera ku Kafue Gorge ndi ku Kariba North kudzafika pa Leopards Hill, n'kupitirira kumpoto cha ku Kabwe, zili ndi msampha wake. Nthambo zonyamula magetsi n'zonenepa ndipo zimaoneka. Koma pamwamba penipeni pa nsanja pamadutsa ina yowonda, yotchinga mphezi, yomwe silendewera kwambiri ngati zinzake. Munthu amaona zonenepa zija zitalendewera pakati, n'kuganiza kuti wazilumpha, osadziwa kuti yowondayo ili pamwamba pake. Lamulo la pakati pa oyendetsa ndi lakuti udutse pamwamba pa nsanja, pamene ukuona msinkhu weniweni, osati pakati. M'zigwa ndi pa mitsinje ndiye poopsa zedi, chifukwa nsanja zili pa mapiri mbali ziwiri, zobisika m'mitengo, nthambo n'kumangolendewera pa mpata. Achinyamata okonda kutsata mtsinje chapansipansi kuti alendo aone mvuu, ine sindiseka nawo.

Za mbalame mwalasa, koma theka. Mbalame sifa chifukwa yagwira nthambo imodzi ndipo siikhudza pansi, motero magetsi alibe njira yodutsira m'thupi mwake. Ndegenso nthawi zambiri chimene chimaigwetsa si moto wa magetsi. Ndi nthambo yeniyeniyo. Mukadzapeza kachidutswa kake mudzakamasule: kunja kuli timawaya ta aluminiyamu tofewa, koma pakati pa zambiri pali mtima wa chitsulo, wopangidwira kukokedwa zaka ndi zaka osaduka. Ikakola matayala, ndege imagwa chamutu. Ikatsetsereka pa mphuno imafika pa galasi, pamene pali nkhope ya munthu. Ikadutsa pamwamba imadula chipsepse cha kumchira. Ndipo mapiko achitsulo akakhudza nthambo ziwiri nthawi imodzi, zimene mbalame yaing'ono singachite, pamathetheka moto pafupi ndi mafuta.

Ndege ija ikadzabweranso mudzaiyandikire ili chiimire. Kutsogolo kwa miyendo ya matayala mudzaona mpeni wachitsulo, wina pakati pa galasi, ndi chingwe chochokera pamwamba pa kanyumba ka woyendetsa kukafika pansonga pa mchira. Mipeniyo ndi yodula nthambo, chingwecho ndi chotsetsereketsa kuti isakole mchira. Ine pounika ndege ndimayendetsa chala pa mpeni uliwonse, ndipo ndinapezapo wina uli ndi kamano kobenthuka ndi zotsalira za aluminiyamu zitapakika ngati phala. Mwini wake sananene zambiri, anangopempha madzi akumwa. Ma helikopita ambiri ali ndi mipeni yotere pamwamba ndi pansi pa mphuno, luso lomwe linayambira ku kampani ya Bristol Aerospace ku Canada. Koma izi zimathandiza pa nthambo yowonda, yogundidwa chamaso ndi liwiro lokwanira. Pa zimphona zija palibe mpeni umene ungakupulumutse.

Anthu anu a pa famu muwauze ichi lero lomwe. Ndege ikagwa itadula nthambo, asathamangireko. Nthambo ili pansi ikhoza kukhala yamoyo ngakhale ili zii, ndipo pa mizere yambiri pali makina amene amabwezeretsa magetsi okha patapita masekondi ochepa. Dothi lozungulira limakhalanso ndi mphamvu, makamaka lonyowa la pansi pa pivoti, makina othirira aja ozungulira m'munda, moti munthu wotambasula miyendo magetsi amalowera phazi ili n'kutulukira linalo. Aime patali mamita osachepera 10, ndipo pa mizere ikuluikulu kuposa apo. Amene wapezeka ali kale pafupi achoke mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi. Wina aimbire a ZESCO kuti azimitse, wina ambulansi. Asaiwale kuti chimene chikutayika pansipo ndi mankhwala ophera, osati madzi.

Pa nkhani ya m'mawa umene unatayika, ndikukumvetsani, mphepo sidikira munthu. Ulendo wina woyendetsayo afike dzulo lake madzulo, muzungulire limodzi kukadawala. Jambulani minda pa pepala, nthambo iliyonse ndi cholembera chofiira, pamodzi ndi nsanja ya foni ngati ilipo ndi zingwe zake. Pepalalo lizikhala mu ofesi, ndipo mukakoka mzere watsopano muzilembapo tsiku lomwelo.

FUNSO: Agogo, ndili giredi 11 ndipo ndikufuna kudzaphunzira za ndege ku ZASTI. Mipira yofiirira imene imakhala pa nthambo zina ndi yachiyani? Mnzanga akuti ndi yothamangitsa mbalame. Komanso kandege kena kamadutsa pansi kwambiri kwathu, kodi n'kololedwa?
Mtsikana wa ku Chelstone

YANKHO: Mdzukulu wanga, mnzakoyo umuuze kuti mipirayo ndi ya maso a woyendetsa ndege. Imaikidwa pamene nthambo ili pafupi ndi bwalo la ndege kapena yadutsa chigwa, mtsinje kapena msewu waukulu. Malangizo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, amati mpira usachepere masentimita 60 kukula kwake, ndipo ya msinkhu umenewo isatalikirane kuposa mamita 30. Mitundu imasinthana, woyera ndi wofiira kapena woyera ndi wa olenji, kuti wina uoneke kaya kuseri kuli mtambo kaya tchire. Imamangidwa pa nthambo ya pamwamba penipeni, yowonda ija ndafotokozera a Kapitawo. Ukadzayamba kuuluka usadzaidalire, chifukwa nthambo zambiri za m'mafamu ndi m'midzi zilibe mpira ndi umodzi womwe.

Za kandegeko, malamulo a ICAO amati pamwamba pa tauni ndege isatsike kuposa mamita 300 kuchokera pa chinthu chachitali kwambiri cha pafupi, ndipo kutchire mamita 150, pokhapokha ikamanyamuka, ikamatera, kapena ili ndi chilolezo chapadera monga zopopera zija. Kwanuko kuli pakati pa bwalo la Kenneth Kaunda ndi la City Airport, ndiye mwina ikungokonzekera kutera. Ngati ukuona kuti ikuchita masewera pamwamba pa nyumba, werenga zilembo za pa thupi lake kapena pansi pa phiko. Ndege wamba za kuno zimayamba ndi 9J. Lemba zilembozo, tsiku ndi ola, upatse makolo akanene ku Zambia Civil Aviation Authority. Ndipo masamu ndi sayansi uzigwire zolimba, ku ZASTI adzazifunsa.