Geni ya ziboliboli ndi zojambula masiku ano a foni

Achemwali, mwafunsa kuti geni yodutsa ndi zaluso pamalire imayenda bwanji, komanso ngati intaneti sinaiphe. Sinaiphe ayi, koma inaitembenuza.

Kale tinkayamba n'kupikula: ziboliboli, zithunzi zopenta, mikanda, kudzaza zikwama, kukwera basi, n'kukayala pamsika wa alendo kudikira mwayi. Zina tinkabwerera nazo. Ma CD a nyimbo tinkanyamulanso, koma geni imeneyo ndiye inafa ndithu, poti munthu woti YouTube ndi Spotify zili m'thumba mwake sangakugule chimbale. Lero oda ndi imene imatsogola, katundu amabwera pambuyo. Mwini sitolo kunjako amaona zithunzi pa WhatsApp kapena Instagram, amasankha, amatumiza dipoziti, ine n'kupita kwa wosema foni ili m'manja. Mpamba sugonanso m'katundu wosagulika.

Koma luso lenilenilo ndi limene lasintha kwambiri. Wosema ankasema zimene zili m'mutu mwake, kapena zimene anaphunzira kwa amene anamulera pantchitoyo. Lero kasitomala amatumiza chithunzi nati ndikufuna chonchi. Chiyambire 2022, pamene mapulogalamu opanga zithunzi ngati Midjourney anafala, zithunzi zambiri zimene ndimalandira ndi zopangidwa ndi AI, nzeru za makompyuta zija. Tsiku lina ndinapita nacho cha njovu yoimirira ndi miyendo yakumbuyo, chitamba chili m'mwamba, chokongola zedi. Bambo wosemayo anachikuza ndi zala ziwiri, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. Chitamba chopyapyala chotero pamtengo chithyoka basi isanafike n'komwe pamalire, komanso njovuyo inali ndi mwendo wachisanu umene ine sindinauone. Kompyuta sidziwa kumene mtengo umang'ambikira. Ndiye ntchito yanga tsopano ndi ya mkhalapakati: kubwerera kwa kasitomala, kumufotokozera zimene mtengo ungalole, mpaka timvane.

Chowawa ndi kubera. Wojambula akaika ntchito yake pa Facebook, sipatenga nthawi mumaiona itasindikizidwa pa malaya, pa makapu ndi pa nsalu, dzina lake palibe. Makina a laser ndi a CNC, osema moyendetsedwa ndi kompyuta, nawonso amatulutsa zosema zofanana ndendende, zambirimbiri, zotchipa. Kupikisana nazo pamtengo n'kudzivuta. Ine ndimatumiza kavidiyo ka manja a wosemayo akugwira ntchito, tizidutswa ta mtengo tikugwa pansi, ndipo dzina lake amalilemba kunsi kwa chosemacho. Makasitomala enieni amalipirira zimenezo. Ena mwa anyamata ojambula ayamba kujambula pa tabuleti n'kugulitsa fayilo yokha, wogula akasindikize yekha kwawo. Kwa iwo n'zabwino, ine sindiwanena, koma pamenepo wonyamula katundu ngati ine alibepo gawo.

Pamalire ndiye foni sikuthandizani kwenikweni. Katundu mumamuonetsa, risiti ikhalepo, msonkho mulipire. M'mayiko ena a COMESA muli ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono a katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America, koma katunduyo akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, ndiye funsani musananyamuke. Samalani ndi mtundu wa mtengo. Msonkhano wa mu 2016 ku Johannesburg wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, unaika mitengo ya mtundu wa Dalbergia, kuphatikizapo phingo, pa gulu lofunika chilolezo kuyambira Januwale 2017. Mu 2019 anapeputsako kuti zinthu zosemedwa kale zosapitirira makilogalamu 10 pa katundu yense wotumizidwa nthawi imodzi zizidutsa popanda chilolezocho, koma oda ya sitolo imapitirira pamenepo mosavuta. Minyanga ya njovu musaikhudze n'komwe, malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989.

Mukamayamba, yambani ndi wosema mmodzi kapena awiri amene amasunga tsiku, chifukwa amene adzakalipiridwe katundu akachedwa ndi inu. Musatenge oda popanda dipoziti. Zithunzi muzijambula panja kukuwala, opanda zokometsera za pafoni zija, ndipo muziika dzanja lanu pambali pa chosemacho. Ine ndinabwezeredwapo mvuu khumi ndi ziwiri chifukwa kasitomala ankayesa ndi zazikulu ngati mpando, pamene zinali zokwana m'chikhatho.