Agogo, kodi Mandela ndi Chilembwe anali zigawenga?

Agogo, ndithandizeni. Kusukulu takangana. Mnzanga akuti Nelson Mandela anali chigawenga chifukwa anayambitsa gulu lophulitsa mabomba, ndipo akuti John Chilembwe nayenso anapha anthu. Wina akuti aliyense wonyamula mfuti polimbana ndi boma ndi womenyera ufulu. Akunena zoona ndani?

Mdzukulu wanga, anzako onse awiri agwira mbali imodzi ya nkhani n'kuthamanga nayo.

Woyambayo sananame. Mandela analidi mtsogoleri wa Umkhonto we Sizwe, gulu lankhondo limene linayamba kuphulitsa mabomba pa 16 Disembala 1961. Boma la tsankho la South Africa linamugamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse mu 1964, ndipo anakhalamo zaka 27. Dziko la America linachotsa dzina lake pamndandanda wa anthu oganiziridwa zauchigawenga mu 2008, munthu atalandira kale mphoto ya Nobel, atalamulira dziko n'kupuma. Apa uone kuti dzina limene boma lapatsa mdani wake silithetsa mlandu.

Ine ndimayamba ndafunsa kuti, kodi asanagwire chida, makomo ena anali otseka? Chipani cha Mandela cha ANC, mwini wake wa gulu lankhondolo, chinayamba mu 1912, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 chinkalemba madandaulo, kutumiza nthumwi ndi kuchita zionetsero zamtendere. Pa 21 Malichi 1960 apolisi anawombera khamu la anthu opanda zida ku Sharpeville n'kupha 69, kenako boma linatseka chipanicho. Munthu wakuda analibe voti. Akanakadandaula kwa yani?

Chilembwe naye sanayambe ndi nthungo. Anamanga sukulu ndi tchalitchi ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Anaona anthu akuzunzika ndi thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankakwapula antchito ndi kutentha matchalitchi a mpingo wake. Mu 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo ya azungu imene sakuidziwa mutu wake. Palibe anamumvera. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake analowa ku Magomero n'kudula mutu wa Livingstone. Sindikubisira, imfa imeneyo inali yoopsa, ndipo anafa pamaso pa mkazi wake. Koma akazi ndi ana a azunguwo sanaphedwe. Anawatenga, kenako n'kuwamasula ali bwinobwino, chifukwa Chilembwe anali atalamula kuti asawakhudze.

Apa ndiye pagona nkhani, mwanawe: chida chaloza yani? Womenyera ufulu amalimbana ndi amene akumupondereza, asilikali ake ndi zida zake. Chigawenga chimasankha dala munthu wosalakwa, mayi wa kumsika, mwana wa m'basi, n'cholinga choti otsalawo agwidwe ndi mantha.

Ife a msinkhu wanga tinaziona pafupi pomwepa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, n'kudzaza Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Ena anafika atadulidwa makutu kapena milomo. Gulu loukira boma la Renamo linkati likumenyera demokalase, koma linkatentha sukulu ndi zipatala, kugwira ana kuti akhale asilikali, ndi kusenzetsa anthu akumudzi katundu mokakamiza. Asilikali a boma la Frelimo nawonso anali ndi milandu yawo, ndipo bomalo linkasamutsa anthu mokakamiza. Koma mayi wodulidwa khutu sungamuuze kuti womudulayo ankamumasula. Ichi n'chifukwa chake mnzako wachiwiriyo walakwitsa.

Tsono usaganize kuti cholinga chikakhala chabwino ndiye kuti zochita zonse zayera. Mu Meyi 1983 bomba la Umkhonto we Sizwe linaphulika mumsewu wa Church Street ku Pretoria, pafupi ndi likulu la asilikali a m'ndege, n'kupha anthu 19, ena mwa iwo anthu wamba ongodutsa. Tsankho litatha, bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, limene ankatsogolera Bishopu Desmond Tutu, linagamula kuti nkhondo yolimbana ndi tsankho inali yachilungamo, komabe ANC inaphwanya ufulu wa anthu pazinthu zina, kuphatikizapo kuzunza anthu ake omwe m'misasa ya ku Angola. Akuluakulu ena a chipanicho anakwiya mpaka kupita kukhoti, koma lipotilo linatuluka mu 1998. Ndimawalemekeza a Tutu pamenepo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma iwo sanaope kudzudzula anthu a mbali yawo yomwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi inu achinyamata a lero. Ndimamva ena pa Facebook akutchula aliyense wotsutsana naye kuti chigawenga, ndipo ena akudzitcha ana a Chilembwe chifukwa choti aponya mwala. Zonse ziwiri n'zachibwana. Munthu wolankhula zosakukomera, kapena woyenda pamsewu ndi chikwangwani, usamupachike dzina loopsa limenelo, chifukwa atsamunda ankachita chimodzimodzi ndi makolo ako. Ndipo iwe uli ndi zimene Chilembwe analibe. Kuyambira 1994 uli ndi voti yosankha pakati pa zipani zambiri, ndipo mu 2020 makhoti a dziko lino anafafaniza chisankho cha pulezidenti n'kulamula kuti anthu akavotenso.

Zionetsero zikaitanidwa pankhani imene ikukukhudza, pita, malamulo amakulola. Imba, yenda, kapereke chikalata chako kwa bwanamkubwa. Koma anzako akayamba kuthyola golosale kapena kugubuduza benchi ya mayi wogulitsa tomato, chokapo ubwerere kunyumba. Mayiyo sindiye anakweza mtengo wa feteleza.