Uthenga wa 1045 wa MySQL: musathamangire kuzimitsa firewall

Achimwene, mwafotokoza kuti mwasamutsira database yanu ya MySQL (nkhokwe yosungiramo zinthu za tsamba lanu) pa seva yachiwiri, pulogalamu ya tsambalo yolembedwa ndi Laravel (chida cha PHP chopangira masamba a pa intaneti) yatsala pa seva yoyamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo tsamba silikutseguka, likungoonetsa uthenga wakuti "SQLSTATE[HY000] [1045] Access denied for user". Mwafunsanso ngati kuli bwino kusiya Apache n'kuyamba kugwiritsa ntchito Nginx, omwe onse ndi mapulogalamu operekera masamba pa intaneti. Funso lachiwirilo ndiwasiyira ena, chifukwa silikukhudzana ndi vuto lanuli ngakhale pang'ono.

Ndaona kuti ena akulangizani kale kuti muzimitse firewall, chitetezo chimene chimasankha amene angalumikizane ndi seva, ena akuti mupange akaunti ya 'root'@'%', ndiye kuti akaunti yaikulu ya root yololedwa kulowa kuchokera paliponse (ndilo tanthauzo la '%'), n'kuipatsa GRANT ALL, kutanthauza zilolezo zonse. Ndikupempheni kuti musachite zimenezo. Nambala 1045 ikusonyeza kuti pulogalamu yanu yafika pa MySQL, MySQL yaimva, kenako yaikana. Njira ikanakhala yotsekeka, mukanaona nambala 2002 ndi mawu akuti "Connection refused" kapena "Connection timed out". Choncho firewall ilibe mlandu pano, ndipo kuizimitsa kuli ngati kugwetsa mpanda wonse chifukwa choti kiyi wa chitseko wavuta.

Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi mawu amene ali pambuyo pa chizindikiro cha @ mu uthengawo, ndipo n'zachisoni kuti pamenepo ndi pamene mwadula pokopera. Ngati palembedwa 'localhost', ndiye kuti pulogalamu yanu siinafike n'komwe pa seva yatsopano, ikulankhulabe ndi MySQL yakale imene yatsala pa seva yoyamba. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi Laravel, chifukwa ngati munayendetsapo php artisan config:cache, pulogalamuyo siwerenganso fayilo ya .env, mmene mumalembedwa adiresi, dzina ndi pasiwedi ya database, imangogwiritsa ntchito zimene inasunga kale. Mukhoza kusintha DB_HOST, mzere wa adiresi ya database mu fayiloyo, kangapo konse osaona kusintha kulikonse. Yendetsani php artisan config:clear, kenako muyesenso.

Koma ngati pambuyo pa @ pali adiresi ya seva ya pulogalamu, mwachitsanzo 10.0.0.5, ndiye kuti mwafika pa MySQL yoyenera ndipo vuto lili pa akaunti. Kwa MySQL, akaunti si dzina lokha ayi, koma dzina pamodzi ndi malo amene munthu akuchokera, moti 'app'@'localhost' ndi 'app'@'10.0.0.5' ndi maakaunti awiri osiyana, iliyonse ndi pasiwedi yake ndiponso zilolezo zake. Kumbukiraninso kuti mukatenga database imodzi ndi mysqldump, chida chokoperera database, maakaunti samabwera nawo, popeza iwo amasungidwa mu database ina yotchedwa mysql. Lowani pa seva ya database, mulembe SELECT user, host, plugin FROM mysql.user, ndipo muone ngati akaunti ya pulogalamu yanu ilipo ndi adiresi yoyenera. Ngati palibe, ipangeni ndi CREATE USER 'app'@'10.0.0.5' IDENTIFIED BY ndi pasiwedi yolimba, kenako muipatse chilolezo pa database yanu yokhayo, ndiye kuti ON dzina_la_database.* osati ON *.* (kutanthauza ma database onse) monga ena alembera. Kuyambira pa MySQL 8.0, GRANT payokha sipanganso akaunti, choncho malangizo akale ophatikiza GRANT ndi IDENTIFIED BY pa mzere umodzi adzangokubwezerani uthenga wina wokana. FLUSH PRIVILEGES imene aliyense amakonda kuwonjezera siyofunika mukagwiritsa ntchito CREATE USER ndi GRANT, ngakhale kuti siwononga kanthu.

Mukatero, musayambe ndi kutsegula tsamba. Muli pa seva ya pulogalamu, lembani mysql -h ndi adiresi ya seva ya database, -u app -p, n'kulowetsa pasiwedi ndi manja. Mukalowa bwino pamenepo koma Laravel n'kumakanidwabe, vuto lili mu .env, ndipo kawirikawiri imakhala pasiwedi yokhala ndi chizindikiro cha #, pakuti zonse zotsatira chizindikirocho zimatengedwa ngati ndemanga chabe n'kudulidwa. Ikani pasiwedi yonse pakati pa zizindikiro za ' ' ndipo muyendetsenso config:clear.

Ndikukakamira pa nkhani ya '%' chifukwa cha zimene ndinaona pa seva ya bungwe lina, limene linandiitana zinthu zitaipa kale. Amene anaikonza anakumana ndi vuto longa lanuli, ndipo pofuna kuti ntchito iyende msanga anaika bind-address, adiresi imene MySQL imamvetserapo, kukhala 0.0.0.0 kuti izimvetsera pa maadiresi onse a sevayo, anatsegula port 3306, khomo lolowera ku MySQL, kwa dziko lonse, n'kulola root kulowa kuchokera paliponse ndi pasiwedi yosavuta kuiganizira. Tsamba linayamba kugwira ntchito, onse anasangalala. Patapita nthawi pang'ono anapeza matebulo onse atafufutidwa, mutangotsala tebulo limodzi lokhala ndi uthenga woti alipire Bitcoin kuti abwezeredwe zinthu zawo. Sikuti panali munthu amene ankadana ndi bungwelo. Pa intaneti pali mapulogalamu amene amangoyendayenda usana ndi usiku kufufuza ma port 3306 otseguka n'kumayesa mapasiwedi odziwika. Choipa kwambiri chinali chakuti backup yawo inali pa seva yomweyo, komanso inali yakalekale, moti anthu anakhala masiku ambiri akulowetsanso zinthu kuchokera pa mapepala. Ndiye inuyo, pa bind-address ikanipo adiresi yamkati ya seva ya database, ndipo pa firewall lolani port 3306 kwa seva ya pulogalamu yokha. Pa Ubuntu, fayilo yake ndi /etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf, ndipo mukaisintha muyenera kuyambitsanso MySQL.

Chenjezo lomwelo likukhudzanso chmod 777, lamulo lopatsa aliyense zilolezo zonse pa mafayilo, limene wina wakuuzani kuti muike pa foda yonse ya pulogalamu. Zilolezo za mafayilo ndi zilolezo za MySQL ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo 777 singathetse 1045. Chimene ingachite n'kulola akaunti iliyonse ya pa sevayo kuwerenga ndi kusintha .env, mmene muli pasiwedi ya database. Laravel imafuna kulemba mu storage ndi mu bootstrap/cache basi, ndipo n'zokwanira kupereka mafoda awiriwo kwa www-data, akaunti imene Apache imagwiritsa ntchito pa Ubuntu ndi Debian. Onetsetsaninso kuti DocumentRoot, foda imene Apache imaonetsa kwa anthu, ikuloza ku foda ya public, chifukwa ikaloza ku foda yaikulu ya pulogalamu, aliyense akhoza kutsegula .env pa browser.

Pali zinthu zina ziwiri zimene mungakumane nazo 1045 ikangochoka. Ngati PHP yanu ndi yakale kuposa 7.4, ikhoza kudandaula kuti siikudziwa njira yotsimikizira pasiwedi, chifukwa MySQL 8.0 imagwiritsa ntchito caching_sha2_password, ndipo ndi bwino kukweza PHP kusiyana ndi kubwezera MySQL ku njira yakale. Ngati seva ya pulogalamu ili pa Rocky Linux kapena AlmaLinux, SELinux, chitetezo china cha mkati mwa Linux, imaletsa Apache kulumikizana ndi database ya pa seva ina mpaka mutayendetsa setsebool -P httpd_can_network_connect_db 1, ndipo pamenepanso musamvere amene angakuuzeni kuti muzimitse SELinux yonse.

Titumizireni uthenga wonse wa 1045 osadula, pamodzi ndi zimene SHOW GRANTS FOR 'app'@'10.0.0.5'; yabweza, mutasintha dzina ndi adiresi kuti zigwirizane ndi zanu. Musanatumize, fufutani pasiwedi ndi adiresi yakunja ya seva.