Botolo lachiwiri la yisiti lidikire kaye, yambani mwayeza pH

Achimwene, mwati thanki yanu ya nsomba ndi zomera ndi ya malita 100, mpweya wa CO2 umene zomera zimadya mukupanga nokha ndi shuga ndi yisiti, drop checker (kagalasi kokhala ndi madzi osintha mtundu, kosonyeza kuchuluka kwa CO2 m'thanki) imakhala ya buluu masana ambiri, ndere zakuda zonga ndevu zayamba kumera m'mphepete mwa masamba, ndipo m'mawa wina munapeza nsomba zili yasa! pamwamba pa madzi. Ndiye mukuti muwonjezere botolo lachiwiri? Ine ndingati musatero. Mpweya wanu ukubwera mosakhazikika, ndipo botolo lina lingokulitsa vutolo.

Yisiti sadziwa wotchi. Masiku oyamba amawira mwamphamvu, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri wafooka. Kukazizira amagona, kukatentha amathamanga, ndipo usiku sapumula. Magetsi ounikira thanki akazima, zomera zimaleka kudya CO2, zimangotsala kupuma okosijeni limodzi ndi nsomba, pomwe botolo likuthirabe. Pofika mbandakucha CO2 wadzaza, okosijeni watsika. Nsomba zanu zija zimakuuzani zimenezo. Ndere zakudazo nazonso, ambiri amene tasungapo zomera taona kuti zimakonda thanki imene CO2 wake lero wakwera, mawa watsika. Choncho kuyambira usiku uno, magetsi akazima chotsani kapaipi ka yisiti m'madzi, kapena yatsani pampu ya mpweya mpaka kucha.

Za drop checker, ndikufunseni kaye: munathiramo madzi anji? Ngati ndi a m'thanki, tayani. Mumafunika madzi a 4 dKH (dKH ndi muyezo wa KH, kuchuluka kwa kaboneti m'madzi) osakaniza ndi mankhwala osintha mtundu otchedwa bromothymol blue. Mukatero mtundu umakhala ndi tanthauzo: buluu ndiye kuti CO2 wachepa, wobiriwira muli pafupi ndi 30 ppm (mamiligalamu 30 a CO2 pa lita imodzi) pamene anthu ambiri amafuna, wachikasu mwapyola. Koma kachipangizoka kamachedwa. Mtundu umene mukuona pano ukunena za madzi a ola limodzi kapena awiri apitawo, moti kakamafika pa chikasu nsomba zimakhala zitavutika kale. Kaikeni mbali ina, kutali ndi diffuser (kachipangizo kotulutsira CO2 m'madzi), timathovu tingamalowemo mwachindunji n'kukunamizani, ndipo madzi akewo muziwasintha mwezi ndi mwezi.

Njira imene ine ndimaikhulupirira koposa ndi ya pH, muyezo wa asidi m'madzi, umene umatsika CO2 akachuluka. Tungani madzi a m'thanki m'kapu, muwasiye osavindikira tsiku lathunthu kapena masiku awiri kuti CO2 yense wowonjezera atuluke, muyeze pH. Kenako muyeze m'thanki magetsi akangoyaka, muyezenso pakati pa tsiku. Kusiyana kukafika pa 1.0, mwachitsanzo m'kapu 7.6 m'thanki 6.6, muli cha pa 30 ppm pomwepo. Matchati owerengera CO2 pogwiritsa ntchito pH ndi KH amachokera ku masamu akuti 3 kuchulukitsa ndi KH, kuchulukitsanso ndi 10 wokwezedwa ku mphamvu ya 7 kuchotsa pH. KH ya 4 pa pH 6.6 imapereka 30. Pa pepala zimakoma. Koma ngati muli ndi zikuni zotulutsa utoto m'madzi, kapena dothi lija lotsitsa pH, tchati chidzakuuzani kuti CO2 ndi wambiri pomwe mulibe. Njira ya kapu imachepetsa bodza limenelo chifukwa mukuyerekeza madzi anu ndi madzi anu omwe.

Kuwerenga thovu la CO2 lodutsa m'paipi ndiye musakudalire n'komwe. Wina akakuuzani kuti iye amaika awiri pa sekondi, mufunseni kuti thovu lake n'lalikulu bwanji, madzi ake amazungulira motani, pamwamba pamagwedezeka kapena pali bata. Chiwerengerocho chimangokuthandizani kudziwa ngati dzulo ndi lero zikufanana pa thanki yanu yomweyo.

Ngati mtima wanu uli pa zomera zofiira ndi tizomera toyala pansi ngati kapeti, gulani silinda ya CO2, regulator (yochepetsa mphamvu ya mpweya wotuluka m'silinda), solenoid (valavu yamagetsi yotsegula ndi kutseka mpweya) ndi timer (wotchi yoyatsa ndi kuzimitsa yokha), osaiwala check valve kuti madzi asabwerere m'paipi. CO2 azitseguka ola limodzi kapena awiri magetsi asanayake, kuti zomera zikamadzuka zipeze chakudya chili kale, ndipo azitseka ola limodzi asanazime. Muyambe pang'ono, pH itsike ndi 0.5 chabe, kenako muzionjezera masiku angapo aliwonse, pa tsiku limene muli pakhomo. Mukamanga zonse, pakani madzi a sopo polumikizira paliponse. Pakatupa thovu, pakutuluka mpweya. Ndipo pamwamba pa madzi pazichita timafunde. Mudzatayako CO2 pang'ono, inde, koma okosijeni azilowa, ndipo nsomba zimapirira CO2 bwino okosijeni akakhala wokwanira.

Pa regulator ndikuuzeni zimene zinandigwera. Mu silinda CO2 amakhala wamadzi, ndiye singano ya geji imangoima cha pa 55 mpaka 60 bar miyezi yonse ngati yafa. Ikayamba kutsika, wamadziyo watha, zatsala n'zochepa. Ine ndinaiona ikutsika, n'kuti ndidzadzazitsa kumapeto a sabata. Regulator yanga inali ya single stage, yochepetsa mphamvu ya mpweya kamodzi kokha, ndipo inangotsanulira zotsalazo m'thanki. Ndikufika madzulo, drop checker ili chikasu psuu, diffuser ikufuka ngati utsi, nsomba zina zagona cham'mbali pa mchenga, zina mphuno zili pamwamba. Ndinatseka silinda, ndinasintha theka la madzi, pampu ya mpweya ndinaisiya usiku wonse. Zambiri zinatsitsimuka, ziwiri sizinadzuke. Kuchokera pamenepo ndimagwiritsa ntchito ya dual stage, yochepetsa mphamvuyo kawiri, komanso silinda ndimaiyeza pa sikelo, popeza kulemera ndiko kumanena zoona za zimene zatsala.

Mwina simukufuna zonsezi, ndipo palibe cholakwa. Chotsani yisiti, chepetsani magetsi afike maola 6 kapena 7, mudzale Anubias, Java fern ndi Cryptocoryne. Zimakula mwaulesi koma sizidandaula. Mankhwala a m'botolo aja amati liquid carbon, ambiri muli glutaraldehyde. Amapha ndere zakuda mukawathira pamasamba pomwepo ndi sirinji, fyuluta itazimitsidwa kwa mphindi zochepa, koma salowa m'malo mwa silinda, ndipo ngati muli ndi Vallisneria angakusungunulireni.

Tungani madzi m'kapu lero. Mkuja mutiuze pH ya m'kapumo, ya m'thanki mbandakucha, ya masana, ndi KH yanu. Munenenso maola amene magetsi amayaka, chifukwa ndikukayikira kuti akupyola 8.